Buledi wa Bambo a Tiko

1

Mukadzaona mayi akutsomphola mandasi m'manja mwa mwana wake pa depoti ya Salima, musafulumire kumutukwana. Mwina mayiyo ndi ine.

Zandichitikiranso mwezi wathawu. Tinkadikira minibasi ya ku Senga Bay, ine ndili kalikiliki kumanga katundu, mayi wina wachifundo n'kumugulira mandasi mwana wanga Tikondwe. Ndinangoona kadzanja kakupita kukamwa. Ndinalumpha, phamu! mandasi aja m'fumbi.

"Mayi inu, nkhanza zanji zimenezi? Si mwana wanu kodi?"

"Ndi wanga. Sadya za tirigu, amadwala nazo."

"Kudwala ndi mandasi? Ha! Zipanizi zatibweretsera zambiri. Tsopano kwabwera ana odwala ndi mandasi!"

Depoti yonse inaseka. Tiko sanalire, anazolowera. Ndinamutulutsira mbatata yootcha m'chikwama, iye n'kumadya ataweramitsa mutu.

Ndatopa nako kufotokoza. Ndafotokoza ku maukwati, ku maliro, ku sukulu, ngakhale pakhomo pa tchalitchi. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, nkhani yonse, ndi zomwe zija sindinena pa depoti.

2

Dzina langa ndine Christina, kwathu ndi kwa Maganga. Mwamuna wanga Fanuel ndi wa ku Chitala, ndipo amaphika buledi pa hotela ina ku Senga Bay. Akatswiri a buledi alipo, koma Fanuel ndi wina. Alendo ena ankachita kulowa kukhitchini kudzamugwira chanza.

Chisankho cha zipani zambiri chitangodutsa, alendo anachuluka kunyanja, ndipo m'misika munadzaza zinthu za m'mapaketi zimene kale tinkangozimva. Ife tinali patsogolo. Fanuel ankaweruka ndi mabanzi otsala, masikono, tizidutswa ta keke, nthawi zina soseji. Ankafika akununkhira uvuni, ana a anthu oyandikana nawo ali pambuyo pake.

"Mwana wanga sakula ndi chinangwa ngati ine," ankatero akumunyamula Tiko. "Uyu adya zimene amadya ana a alendo."

Ineyo ndinkanyada, ndisaname. Tiko atangosiya bere, m'mawa unali tiyi ndi buledi wopaka majarini, masana mabisiketi, ndiwo n'kuthiramo supu wa m'paketi.

Kenaka mwana anayamba kutsegula m'mimba. Sabata bwino, sabata ayi. Kamimba kanatupa, manja ndi miyendo n'kutsala timitengo, tsitsi n'kufiira. Ku sikelo anati mwanayu akusowa chakudya m'thupi. Ndinachita manyazi oti nthaka inditsegukire. Mwana wa wophika ku hotela kusowa chakudya?

Anatipatsa mankhwala a njoka za m'mimba, tinamumwetsa. Madzi a mchere ndi shuga, tinamumwetsa. Akakana zakudya zonse, ndinkamunyikira buledi mu tiyi, poti ndi wofewa, ndi kumudyetsa pang'onopang'ono ndikumunyengerera.

3

Apongozi anga anabwera kuchokera ku Chitala kudzazonda. Anamukhazika Tiko pamiyendo, anadina chala paphazi lake lotupa, chala n'kusiya kadzenje. Sanayang'ane mwana wawo. Anayang'ana ine.

"Ili ndi tsempho," anatero.

Ena a inu munakulira m'tauni, ndiye ndifotokoze. Kwathu kuno amati mwana akamaonda natupa mapazi, ndiye kuti mmodzi mwa makolo ake wagona kunja, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo kapena kudzagwira mwana thupi likadali lotentha. Amati wamusempha. Ndipo mankhwala sagwira kufikira wolakwayo ataulula yekha pamaso pa ankhoswe.

Ankhoswe anabwera Loweruka lotsatira: malume anga a Lameck, ndi a Yesaya, malume ake a Fanuel. Tinakhala pakhonde dzuwa lili paliwombo, Tiko atagona pamphasa pakati pathu, akupuma ngati kankhuku konyowa.

A Yesaya sanazungulire. "Pakhomo pano amathira mchere ndani?"

"Ndine," ndinayankha.

"Nanga masana, bambo ali kuntchito, inu mumakhala kuti?"

"Kugombe. Ndimagulitsa zitumbuwa."

"Kwa ndani?"

"Kwa asodzi."

"Asodzi," a Yesaya anabwereza, akuyang'ana malume anga. Apongozi anapukusa mutu. Malume anangoti zyoli.

Ndinalumbira. Ndinalira. Ndinati abweretse Baibulo ndiligwire. Koma mkazi akamalira pa bwalo lotere, amati ndi manyazi akumuliza.

"Mayi, mwanayu satha mwezi," a Yesaya anatero. "Mukufuna mukaulule kumanda? Nenani dzina, timupatse mankhwala. Mukakana, nkhaniyi ipita kumpingo, ndi kumudzi kwanu, aliyense adziwe chimene chapha mwana."

Apo Fanuel, amene anali asanatsegule pakamwa chiyambire, anakweza mutu.

"Asiyeni. Ndine."

Tonse tinatembenukira kwa iye.

"Ndi ndani?" malume anga anafunsa.

Fanuel anayang'ana kumbali kanthawi. "Dzina lake Esha. Ankachapa pa hotela. Anabwerera kwawo ku Nkhotakota."

Sindinakomoke, sindinakuwe. Munthu amene ankagona pambali panga, akundiona ndikuchapa matewera otsegula m'mimba tsiku ndi tsiku, ankadziwa chonsecho? Ndipo anandisiya ndilumbire, ndilire, asanalankhule?

A Yesaya anatulutsa mizu yosinja yosakaniza ndi mchere. Mwambo wake ndi woti anyambite onse, bambo, mayi ndi mwana. Tinanyambita. Kumpingo Fanuel anadulidwa. Malume anga anati, "Mbumba yanga ndatenga," ndipo m'mawa mwake ine ndi Tiko tinali pa njinga za kabaza, ulendo wa kwa Maganga.

4

Kwa akulu anga a Pilirani kunalibe buledi. Kunali phala la mpunga, chinangwa chophika, futali wa mbatata, nthochi, usipa wotendera. Tiko analirira masikono masiku oyamba, kenaka njala inamugonjetsa.

Mvula isanayambe, mimba inaima. Mapazi anaphwa. Tsiku lina ndinamupeza akuthamangitsa abakha kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinakhala pansi pomwepo n'kulira.

"Mwaona?" anthu ankatero. "Waulula, mwana wachira."

Ndinaona, ndipo ndinakhulupirira. Ndikanakana bwanji, mwana akunenepa m'maso mwanga? Chidani changa pa Fanuel chinakula limodzi ndi masaya a Tiko.

Pa Khirisimasi Fanuel anabwera pa njinga, ataonda, katoni ili pakaliyala. Munali buledi, mabisiketi, ndi keke imene analembapo dzina la mwana ndi shuga. Tiko anamuthamangira, n'kumukwera ngati mtengo. Anadya keke mpaka m'makutu.

Ine ndinamulonjera ngati mlendo wodutsa. Pochoka anaima pafupi ndi ine n'kufunsa motsitsa mawu, "Amake Tiko, kuno mukukhala bwino? Mumacheza ndi ndani?"

"Zikukukhudzani? Kafunseni Esha amene akucheza naye."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanali maso a munthu wamanyazi, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa.

Kutacha Tiko anayambanso kutsegula.

Malume anga anapsa mtima. "Sanasiye ameneyu! Asadzapondenso pano. Ngakhale zakudya zake zisalowe pakhomo pano, zikuchokera m'manja otentha."

Fanuel ankatumizabe makatoni kudzera kwa ogulitsa nsomba. A Pilirani ankagawira ana a eni, Tiko osalawa. Mwana anachiranso. Umboni wina ungafunikenso wotani?

Koma itakwana nthawi yokolola mpunga, ndinapita naye kumsika ku boma. Analirira mandasi, ndinamugulira. Mandasi a mayi wosamudziwa, amene Fanuel sanawagwire, sanawaone n'komwe. Tsiku lomwelo mimba inayambiranso, kuposa kale.

Pamenepo mantha ena anandigwira. Zaka zimenezo tinkaika anthu sabata ndi sabata, oonda, otsegula m'mimba, ndipo aliyense ankadziwa dzina la matendawo ngakhale sankalitchula pamaliro. Ndinati Esha uja watipatsira. Sindinauze munthu. Ndinabereka mwana, ulendo wa ku Lilongwe.

5

Magazi anatiyeza tonse awiri, ndipo anapezeka abwino. Ndinayembekeza kuti atiuza tizipita, koma anatitumiza kwa dokotala wa ana, mayi wa imvi zapatalipatali amene anakhala kunja zaka zambiri, n'kubwerera zipani zitayamba.

Sanafunse za mwamuna wanga. Anafunsa za chakudya.

"Ku Senga Bay ankadya chiyani? Nanga kwa Maganga? Pa Khirisimasi anadya chiyani? Nanga tsiku la kumsika?"

Ndinayankha zonse, ndikudabwa kuti mayiyu watani. Ndili pakati pofotokoza za mandasi aja, mawu anandithera okha pakamwa.

"Mwaimva nokha," dokotala anatero. "Ndikuganiza kuti ndi tirigu. Mu ufa wa tirigu muli kanthu kamene matumbo a anthu ena sagwirizana nako. Kamawasupula m'kati, chakudya n'kumangodutsa osagwira thupi. Kuno sitikumana nazo kawirikawiri, koma zilipo."

"Mankhwala ake?"

"Palibe. Asiye tirigu moyo wake wonse. Buledi, mandasi, masikono, mabisiketi. Za m'mapaketinso muzipewa, soseji, supu, zambiri amasakanizamo fulawa osanena. Muzimupatsa zimene mwaphika nokha, zimene mukuzidziwa chiyambi chake. Yesani miyezi ingapo mudzabwere naye, sikelo idzatiuza ngati ndalondola."

"Adokotala, kwathu amati ndi tsempho. Bambo ake anaulula."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Za m'banja mwanu sindingaweruze, mayi. Ine ndikunena za m'mimba mwa mwanayu."

Sikelo inavomereza. Titabwererako, Tiko anali atalemera moti namwino anamuyeza kawiri.

M'basi pobwerera ndinkangoona dzanja langa likunyika buledi mu tiyi, ndikumunyengerera kuti atsegule pakamwa. Koma mtima wanga pa Fanuel sunafewe. Ndinati chabwino, sanamusemphe mwana, koma ine anandisempha. Esha ndiye analipo basi.

6

Ndinaganiza zopita ku hotela kukamuuza kuti asiye kutumiza makatoni. Chimenecho ndicho chifukwa chimene ndinauza a Pilirani. Chifukwa china chinali choti ndinkafuna kumva za mkazi ameneyo: ngati anali woyera, ngati anali wamng'ono kwa ine, ngati anabwereranso.

Ndinalowera kuseri, kochapira. Ndinapeza a Tausi, mayi wachisilamu amene ankayang'anira ochapa, akuyanika nsalu za pabedi.

"Amake Tiko! Mwasowatu. Mwana ali bwanji?"

"Ali bwino. A Tausi, ndiuzeni zoona, ndife akazi tokhatokha. Esha uja anabwereranso?"

Anasiya nsalu ili lende pachingwe. "Mayi, inenso ndimafuna ndikufunseni. Nkhaniyo inatipeza kuno, tonse tinangoyang'anana. Ine ndachapa pano kuyambira nthawi ya chipani chimodzi, ndipo wochapa aliyense amadzera m'manja mwanga. Wallahi, ndikulumbira, pano sipanagwirepo ntchito Esha."

"Mwina waganyu?"

"Ngakhale waganyu. Esha amene timamudziwa ife ndi uyo."

Analoza kugombe. Panali boti la asodzi lobiriwira, lokokeredwa pamchenga moyang'anana ndi zenera la khitchini. M'mbali mwake munalembedwa ndi penti yoyera: ESHA.

Fanuel ndinamupeza akukanya fulawa, manja oyera mpaka m'zigongono. Atandiona anaima. Tinatuluka kukaima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khitchini.

Ndinayamba ndi za dokotala. Ndinamuuza zonse, za tirigu, za keke ya Khirisimasi, za mandasi, za sikelo. Ankamvetsera akuyang'ana manja ake. Kenaka anakhala pansi, pafumbi pomwepo, ndi yunifolomu yake yoyera.

"Buledi wanga?" anafunsa. "Buledi wanga ndi amene ankamupha?"

"Simunkadziwa. Nanenso ndinkamudyetsa." Kenaka ndinafunsa, "Bambo a Tiko, Esha ndi ndani?"

Anayang'ananso manja ake.

"Ndaliona botilo," ndinatero.

Anapukuta kumaso ndi mkono, fulawa n'kutsala pachipumi. "Anandifunsa dzina mwadzidzidzi. Ndi lomwe linabwera."

"Ndiye munanama? Munadulidwa mumpingo, munataya banja, anthu akukulozani zala, chifukwa cha bodza? Chifukwa chiyani?"

"Mwana amafa. Amafunika mankhwala, ndipo mankhwala tinanyambita tonse. Ndinati akwanira."

"Akwanira bwanji, poti panalibe wolakwa?"

Apo anandiyang'ana, maso omwe aja a pa Khirisimasi.

"Amake Tiko, amayi atanena kuti ndi tsempho, ine sindinakayike. Ndinakula ndikuziona. Ndipo ndinkadziwa kuti ine sindinagone kunja." Kenaka anati, "Ndiye panatsala ndani?"

Poyamba sindinamve. Kenaka ndinamva.

"Munkaganiza kuti ndine."

"Ndinaona mmene ankakupanikizirani. Ndinati mwamuna akalakwa, anthu amalankhula mwezi umodzi n'kuiwala. Koma inu akanakuvulani pamaso pa mudzi wonse, ndipo Tiko akanakula akumva kuti mayi ake anafuna kumupha. Ndinati bola ndisenze ine."

"Nanga atadwalanso pa Khirisimasi?"

"Ndinati ndiye kuti munthuyo ali konko kwa Maganga."

Ndinafuna kumumenya. Ndinafuna kumugwira m'manja ndi kumudzutsa pafumbipo. Sindinachite chilichonse mwa ziwirizi. Ndinakhala pansi pambali pake, ndipo tinakhala choncho mpaka wina anakuwa kukhitchini kuti mabanzi akupserera.

7

Tinabwererana. Musaganize kuti kunali nthungululu.

Apongozi mpaka lero amati mankhwala a a Yesaya ndi amene anagwira, kungoti anachedwa. Malume anga amati za boti ndi nzeru za mwamuna wofuna kubwerera pakhomo. Kumpingo akuluakulu anati ngati sanachite chigololo ndiye kuti ananama pamaso pa ankhoswe, ndipo limenelonso ndi tchimo. Anakhalabe m'kalasi ya obwerera mpaka nthawi yake itatha.

Moyo wathu tsopano ndi wa kulondera. Fanuel ntchito sangasiye, ndi imene imatidyetsa, koma amasamba ku hotela konko ndi kusiya zovala za ntchito komweko. M'nyumba mwathu simulowa fulawa, simulowa paketi. Tonse timadya zimene Tiko amadya: mpunga, chinangwa, mbatata, nsomba, masamba, zipatso. Zitumbuwa ndimakazinga m'mafuta anga, chifukwa za kumsika amakazingira m'chiwaya chimodzi ndi mandasi. Chigumu cha eni sindichikhulupirira, ena amathiramo fulawa kuti chifufume. Ku ukwati ndimanyamula kambale kake. Ku sukulu ndinachita kukagwada kwa aphunzitsi kuti azimuyang'anira pa buleki. Anthu amati ndine wonyada, ena amati ndine waumbombo, ena amati ndinalowa mpingo wachilendo. Ndatopa, abale, koma mwana wanga ali moyo ndipo ali Sitandade 1.

Chimene chimanditopetsa koposa si mbale ayi. Pali masiku amene ndimamuyang'ana Fanuel n'kukumbuka kuti munthu uyu anakhala chaka chathunthu akukhulupirira kuti ndinagona ndi msodzi. Zimandiwawa. Kenaka ndimakumbuka kuti iye, poganiza kuti ndalakwa, anandifunditsa nsalu yake n'kutsala wamaliseche. Ine nditamva kuti walakwa, sindinafunse ngakhale funso limodzi. Ndinangomanga katundu. Sitinakambiranepo zimenezi kuchokera tsiku lija pansi pa mango, ndipo sindikudziwa ngati tidzakambirana.

Inu amene mukuwerenga, sindikuti mutaye za makolo, ndilibe mphamvu zokangana ndi munthu. Ndikungoti mwana akamaonda, musanafunse kuti bambo ake anagona kuti, yambani mwafunsa kuti mwanayo wadya chiyani. Ndipo inu okwatirana, zimene mukuganizirana muzifunsana muli awiri, ankhoswe asanayale mphasa. Ife tikanafunsana, mwina tikanatukwanana tsiku limodzi basi.

Fanuel amayesabe kumuphikira Tiko buledi wa ufa wa mpunga ndi chinangwa. Amatuluka wolimba kunja, m'kati n'kumayoyoka ngati mchenga. Tiko amadya kuti asangalatse bambo ake.

Lamulungu lapitali ankadya womwewo pakhonde, ndipo anafunsa, "Ababa, anzanga amati buledi wanu wa ku hotela ndi wokoma kuposa wa mu Salima monse. N'zoona? Ine ndinaiwala kakomedwe kake."

Fanuel anamupukuta nyenyeswa pachibwano.

"Amanama, mwanangu. Sakoma n'komwe. Alendo amangodya poti alibe chinangwa."

Limenelo ndi bodza lachiwiri limene ndamumva mwamuna wanga akunena chikwatiranire. Ili ndinalisiya.